Makoswe Ali Bwino, Batate

Bodza la Mutinta linali laling'ono, la mawu atatu okha, koma linatsala pang'ono kudya mwendo wa bambo ake. Nkhani yake inaphulika Loweruka lina la mwezi wa Ogasiti, m'mamawa, iye akuchapa pakhonde la nyumba yake cha ku Kasisi. Foni inalira, ndipo anali azakhali ake, Ba Justina, mlongo wa bambo ake, mayi amene sadziwa kuyamba nkhani ndi moni.

"Iwe Mutinta, siya zonse ubwere. Batate bako bayenda mokoka mwendo, ndipo jombo la kumanzere sibavula, iyi ni sabata yachiwiri manje. Ntchentche zibalondola ngati babisa nyama m'thumba. Ine nakamba, nalema."

"Nanga kukiliniki banapita, ba anti?"

"Kukiliniki? Bati munthu amene mwana wake ni dokota wa shuga safola pamzere wa kukiliniki."

Mutinta anasiya zovala m'beseni, thovu lili m'manja, n'kuthamangira kumsewu kukadikira minibasi.

Tsono ndikuuzeni msanga, musanayambe kumupatsa ulemu umene si wake: Mutinta sanali dokotala. Anali mtsikana wanzeru ndithu, woyamba m'banja mwawo kufika kuyunivesite, ndipo ankagwira ntchito mulabu ina ku Lusaka, pansi pa mayi wamkulu wa kafukufuku dzina lake Ba Chileshe. Ntchito yawo inali yofufuza ngati m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu ya zomera zakwathu muli kanthu kamene tsiku lina kangadzathandize odwala matenda a shuga. Ankaumitsa masamba pamthunzi, kuwasinja, kuwaviika, kusefa madzi ake, kenako kuyesa. Ndi ntchito yochedwa, yofuna mtima wa mlimi wa mango amene amadzala n'kudikira zaka.

Bambo ake, Ba Jonas, anali mlimi wa ng'ombe za mkaka cha ku Palabana, ng'ombe zinayi ndi kathole kamodzi. Ali mnyamata anachitako kosi ya alimi a mkaka, ndipo kuyambira pamenepo munthu uja anakwatira buku ndi pensulo. Ng'ombe ikayetsemula, iwo alemba. Ikakana msipu, alemba. Analinso ndi tepi yachikasu yoyezera ng'ombe, ija umaizunguliza pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo ndiye imakuuza makilo a ng'ombeyo, kuti udziwe kuchuluka kwa mankhwala oipatsa. Tepi imeneyi ankaisamala kuposa tayi yawo ya kutchalitchi.

Matenda a shuga anawapeza nawo chaka chimene mayi ake a Mutinta anamwalira, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankamwa mapiritsi a kukiliniki osaphonya tsiku. N'chifukwa cha iwo Mutinta anasankha kufufuza chitsamba cha pachulu cha kuseri kwa khola lawo, chamasamba owawa kwambiri, chimene m'banjamo ankangochitcha kawawa. Ba Jonas ndiwo ankamuthyolera masambawo, kuwayanika pachitenje monga anawalangizira, n'kulemba tsiku pathumba lililonse.

Mayeso oyamba, a m'timabotolo tagalasi, anayenda bwino zedi. Madzi a kawawa anachedwetsa kusanduka kwa ufa kukhala shuga. Mutinta anafika kumudzi pa Khirisimasi mapazi osagunda pansi, pepala lili m'manja. Anafotokoza zonse pamkeka, abale atazungulira, ndipo pomaliza anadandaula, monga amadandaulira munthu amene akufuna kuti amuyamikire:

"Vuto ni lakuti tili chabe na makoswe. Kuyesa pa munthu kufuna zaka na zilolezo zambiri. Koma nikanakhala na munthu mmodzi chabe, nikanabaonetsa."

Ba Jonas anapempha pepala lija kuti alisunge. Munali zotsatira za m'timabotolo, komanso dongosolo la mayeso otsatira: mankhwala akutiakuti pa kilo iliyonse ya khoswe. Analipinda bwinobwino n'kuliika m'Baibulo.

Chaka chatsopano chisanafike, Palabana yense anali atamva kuti mwana wa Ba Jonas wapeza mankhwala a shuga. Kudepoti ya mkaka, kumene alimi amaperekera zitini zawo m'mawa uliwonse, anayamba kumutcha Ba Dokota. Kodi iye anakana? Ayi ndithu. Ankangomwetulira, n'kunena motsitsa kuti "tikali kuyesa," mwa njira ija yonena ngati ukukana koma ukuvomera. Ulemu umakoma, abale, makamaka ukauona ukuwala pankhope ya bambo ako.

Kenako makoswe anamukana. Milungu isanu ndi itatu akuwamwetsa kawawa, shuga wawo sanatsike ngakhale pang'ono. Mutinta anabwereza kuyeza mpaka maso kuwawa, koma manambala anali omwewo. Ba Chileshe sanadabwe n'komwe. Anati: "Lemba mmene zilili. Pa zitsamba makumi asanu, mwina chimodzi ndiye chifika patali. Chimene chagwira m'botolo sichigwira nthawi zonse m'thupi. 'Ayi' nayenso ni yankho, tipite ku chitsamba china." Ndipo Mutinta analemba tsiku lomwelo, mzere ndi mzere, osabisa kanthu.

Loweruka lotsatira, la pa 9 Malichi, anapita kumudzi atakonza kale mawu oti akauze bambo ake. Tsoka ilo anawapeza kudepoti, pakati pa anzawo. Amuna aimvi anamuimirira, wina anapukuta benchi ndi chipewa chake. "Khalani apa, Ba Dokota!" Ndipo Ba Jonas, chifuwa chili patsogolo, anafunsa mokweza kuti ndi akumapeto a mzere omwe amve:

"Mwana wanga, tiuzeko. Makoswe ali bwanji?"

Maso makumi angapo anali pa iye. Mutinta anayang'ana nkhope ya bambo ake.

"Makoswe ali bwino, Batate."

Anadziuza kuti akawauza zoona kunyumba, ali awiri. Kunyumba kunali alendo. Anati mwezi wamawa. Mwezi wamawa anapeza ng'ombe yabereka, bambo ali pachimwemwe, ndiye angawononge bwanji tsiku? Kenako anayamba kupitako patalipatali, ndipo akapita ankangopereka moni, kusiya mchere ndi sopo, n'kuthamangira minibasi. Ankadzitonthoza kuti palibe chikuonongeka, poti mapiritsi awo akumwa. Miyezi isanu inatha choncho.

Tsiku limeneli anatsika minibasi dzuwa litakwera, mphepo ya Ogasiti ikuthira fumbi m'maso. Ba Justina anamuchingamira pachipata, osamulola ngakhale kutula chikwama. Anamukokera kuseri kwa khitchini, natsegula chitini chakale cha utoto. M'menemo munali mapiritsi a shuga, mapaketi osatsegula, ounjikana mpaka pakamwa pa chitini.

"Nawapeza dzulo nikufunafuna misomali," anatero Ba Justina. "Kukiliniki banali kukatenga ndithu mpaka mwezi wa Juni, kuti manesi basabakaikire, koma kumwa ayi. Bamwa chabe vija vamasamba vako, m'mawa na madzulo. Madzi bamwa ngati thole, kuchimbudzi ni njira yosatha, thalauzi bamanga na chingwe. Ine namuuza kuti iwe Jonas, vula jombo nione. Wanibangulira ngati nkhunzi. Ati ni chinsinsi cha iye na mwana wake."

"Ine sinidziwa chilichonse, ba anti."

Ba Justina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ngati sudziwa, bwanji unjenjemera?"

Ba Jonas anali pampando wawo wa ndalema pafupi ndi khola, mwendo wakumanzere atautambasula. Mnzawo wa munda woyandikana nawo, Ba Sanford, ndi amene ankatsuka zitini, poti kwa masiku angapo ndiye ankawakamira ng'ombe. Mutinta ataona bambo ake anafuna kulira. Munthu wathupi uja anali atatha, khosi lili ngati la nkhuku yonyowa, milomo youma gwa. Koma maso ankawala, ndipo atamuona anaseka ndi mtima wonse.

"Aa, Ba Dokota bafika! Justina, ndiwe wamuitana? Mkazi uyu sasunga kanthu. Nenze kufuna nikupatse pakutha kwa miyezi isanu na umodzi, koma basi, wabwera kale. Sanford, nitengere buku lija lili pansi pa pilo."

Mutinta anagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, napereka moni. Fungo linamupeza pomwepo. Silinali la ndowe, limene anakulira nalo. Linali fungo lina, lotsekemera moipa, ndipo ntchentche zinali zitadzaza pamphuno ya jombo.

Ba Sanford anabwera ndi buku lachikuto cholimba, lofanana ndi aja Ba Jonas ankalembamo za ng'ombe. Ba Jonas analipukuta ndi mkono wa malaya, nalipereka ndi manja awiri kwa mwana wawo, zimene munthu wamkulu sachita.

"Unati ulibe munthu. Manje uli naye. Zonse zili mmenemo, sininaphonye tsiku."

Mutinta anatsegula. Tsamba loyamba linali lojambulidwa mizere ndi rula, ndendende ngati la ng'ombe. Pamene pamalembedwa dzina la chiweto panali pakuti Jonas. Pamene pamalembedwa kulemera panali makilo 84.

"Makilo awa munayezera kuti, Batate?" anafunsa Mutinta.

"Na tepi yanga! Sanford ndiye ananizunguliza pachifuwa. Nenze nalemera ngati thole la miyezi itatu." Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. "Pepala lako linati mankhwala akutiakuti pa kilo ya khoswe. Nangochulukitsa na makilo anga. Si mmene tichitira na mankhwala a njoka za m'mimba? Ng'ombe yaikulu, mankhwala ambiri."

"Nanga mapiritsi munasiyiranji?"

Ba Jonas anapukusa mutu, ngati mphunzitsi amene mwana wake wanzeru wafunsa funso lopepera. "Iwe wophunzira unifunsa zimenezo? Ukafuna kuyesa chakudya chatsopano pa ng'ombe, uchotsa chakale. Ukapatsa zonse ziwiri, mkaka ukachuluka udziwa bwanji chimene chagwira ntchito? Sininafune kukupatsa buku losakaniza."

Mutinta anatembenuza masamba. Zilembo za bambo ake zinali zoongoka, zosamala, za pensulo yosongoledwa bwino. Tsiku la 12: ludzu kwambiri, mankhwala ayamba kutsuka. Tsiku la 40: kukodza kasanu ndi kawiri, shuga akutuluka. Tsiku la 75: thupi lapepuka, lamba waboola bowo lina. Tsiku la 131: waya waminga walasa chala kudzera pabowo la jombo, magazi atuluka koma osamva kuwawa ngakhale pang'ono, chizindikiro chabwino.

Chizindikiro chabwino! Mayo ine. Mutinta ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la phazi la wodwala shuga limene silikumva kuwawa. Chilichonse chimene matenda ankawachita, bambo ake ankachilemba ngati umboni woti mwana wawo wapambana. M'masamba omaliza zilembo zinali zitayamba kupindika, mizere ikukwerana, poti maso nawo anali atayamba kuchita nkhungu.

Ndiye anabwerera kuchikuto, mkati mwake, pamene anaona kamzere kamene analumpha poyamba. Panalembedwa: 9 Malichi. Mutinta wati makoswe ali bwino. Mawa niyamba.

Anauwerenga katatu. Anamva kutentha kuchokera m'khosi kukwera mpaka m'makutu, ndipo analakalaka nthaka ya pakhola ija itang'ambika n'kumumeza ndi chikwama chake chomwe. Bambo ake sanapupulume. Anasunga pepala lija kuyambira Khirisimasi mpaka Malichi, akumwa mapiritsi awo, kudikira kuti amve kaye za makoswe, monga mlimi wosamala amachitira. Anafunsa munthu woyenera, pamaso pa mboni, ndipo munthu woyenerayo anawanamiza.

"Waona?" anatero Ba Jonas. "Ukapereke kwa babwana bako. Sanford naye ayamba mwezi wamawa, tamuyeza kale. Mkazi wa Ba Gilbert, mnzathu wa kudepoti, wayamba sabata yatha. Uzakhala na anthu atatu."

Apa Mutinta akanatha kuwapempha Ba Sanford ndi Ba Justina kuti apatuke kaye. Mtima unamuuza kuti atero, kuti anene zinthu zake pambali, mwaulemu, asadzichotse ulemu pagulu. Koma anauzindikira mtima umenewo. Unali womwe uja wa pa 9 Malichi.

"Batate," anatero, "makoswe sanali bwino."

Ba Sanford anasiya kutsuka chitini.

"Kawawa sanagwire ntchito. Tinayesa milungu isanu na itatu, shuga wa makoswe sanatsike. Ninadziwa zimenezi nisanabwere kudepoti tsiku lija. Munanifunsa pa anthu, nachita manyazi, nanama. Kuchokera pamenepo nakhala nifuna kukuuzani, koma nenze kuopa kuona nkhope yanu. Ludzu ili, kuonda uku, phazi losamva kuwawa, si mankhwala akugwira ntchito. Ni shuga akukudyani. Ndipo ine sindine dokota. Sininakhalepo dokota."

Ng'ombe ina inalira m'khola, palibe anaicheukira. Ba Jonas anayang'ana buku lili m'manja mwa mwana wawo, kenako anayang'ana kuchulu kumene kawawa anali atathyoledwa mpaka kutsala timitengo tokha. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono, ndipo chimene chinatsala pankhope yawo Mutinta sadzachiiwala mpaka kumanda. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Sanford," anatero motsitsa, osamuyang'ana mnzawoyo, "pita ukauze Ba Gilbert kuti mkazi wawo abwerere ku mapiritsi lero lomwe."

Ba Sanford anakwera njinga nthawi yomweyo.

"Manje vulani jombo, Batate."

"Ayi."

"Nifuna nione phazi."

"Nati ayi! Kuyambira liti mwana wamkazi aona mapazi a batate bake? Ulemu unausiya ku Lusaka pamodzi na zoona?"

Mawu amenewo anamulasa, ndipo anali oyenera. Kwawoko mwana wamkazi akatha msinkhu salowa kuchipinda kwa bambo ake, sakhala nawo pampando umodzi, ndipo kuwagwira miyendo ndiye n'kosayerekezeka. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu Mutinta anali asanakhudzepo bambo ake kupatula dzanja la moni. Anayang'ana kwa Ba Justina. Azakhaliwo, amene tsiku lina lililonse akanakhala oyamba kumudzudzula, analowa m'khitchini n'kutuluka ndi mpeni ndi beseni la madzi ofunda, naziika pambali pake.

"Mwambo ulibe mwendo wakuti ukabwereke mlongo wanga," anatero. "Gwira ntchito."

Mutinta anayenda ndi mawondo mpaka pamapazi a bambo ake. Ba Jonas anatembenuzira nkhope kumbali, naphimba maso ndi chipewa. Jombo silinkavuka, phazi linali litatupa mpaka kulidzaza. Analing'amba ndi mpeni kuyambira pamwamba kutsikira kuchidendene, pang'onopang'ono. Sokosi inali itamatirira, anachita kuinyowetsa kuti ichoke. Zala ziwiri zakumapeto zinali zakuda bii, ndipo kufiira kunali kutakwera kudutsa pakati pa phazi. Ba Justina anafuula n'kugwira pakamwa. Mutinta sanalire. Anaona kuti alibe ufulu wolira pamaso pa phazi limenelo.

Galimoto yonyamula mkaka ya mwana wa Ba Gilbert ndi imene inawatengera kuchipatala cha paboma ku Chongwe. Ba Jonas anagona kumbuyo pamatiresi, Mutinta atakhala pambali pawo kuwatchingira dzuwa ndi chitenje.

Amene anawalandira anali Ba Mwaba, mkulu wachipatala wa mawu ochepa. Anabaya chala, nayang'ana pa kamakina, nayeza kachiwiri ngati sakukhulupirira. Ataona phazi anapuma mozama.

"Mapiritsi munasiya liti, batate?"

"Mu Malichi."

"Anakuuzani kuti musiye ndani?"

"Palibe," anatero Ba Jonas msangamsanga. "Nzeru zanga chabe. Ndine mlimi wosaphunzira, nenze kumwa masamba."

Mutinta anamva bambo ake akudzichepetsa pamaso pa mlendo kuti amubise iye, munthu wonyada ndi kosi yake ndi mabuku ake akudzitcha wosaphunzira. Manyazi a pakhola aja anali aang'ono poyerekeza ndi awa.

"Si choncho," anatero Mutinta. "Ndine mwana wawo. Nigwira ntchito yofufuza masamba amenewo. Ninadziwa kuti sanagwire ntchito, koma ninabauza kuti agwira."

Ba Mwaba anamuyang'ana kanthawi. Sanamunyoze, sanamutonthozenso. Anangoti: "Mukanachedwa sabata ina, tikanakamba za bondo. Manje tikamba za zala, mwina na mbali ya phazi. Tiyese kupulumutsa chidendene kuti bakayendenso."

Anadula zala zitatu ndi kachigawo ka phazi. Mwendo unatsala.

Lachitatu masana, nthawi yoona odwala, Mutinta anawapeza atakhala tsonga pabedi, phazi lili m'mabandeji, nkhope itayamba kubwerera. Anali atabweretsa phala ndi malalanje awiri, koma nesi anabweza limodzi chifukwa cha shuga. Anakhala pampando, maso ali pansi. Kwa masiku anayi ankabwera, kuwadyetsa, kuchapa, koma zokambirana zawo zinali za ng'ombe zokha.

"Buku langa lili kuti?" anafunsa Ba Jonas.

"Lili m'chikwama. Nenze kufuna nikalitenthe."

"Utenthe buku? Tulutsa."

Analitulutsa. Ba Jonas anafufuza m'thumba la jekete lawo napeza kapensulo, koma ataona kuti maso sakuwalola anamupatsa iye.

"Tsegula pamene ninalekezera. Lemba: Tsiku la 158, mankhwala sanagwire ntchito. Zala zitatu zachoka. Kuyesa kwatha."

"Batate, chonde."

"Lemba. Uyesa Maluwa atafa na chigodola sininalembe? Ng'ombe yanga yoposa zonse, nenze kulira, koma ninalemba. Buku lolemba zabwino zokha ni lakukolezera moto. Mwina wina azawerenga, asazachite uchitsiru wanga."

Mutinta analemba, misozi ikudontha pambali pa tsamba. Atamaliza, bambo ake anatenga buku, nalitseka, naliika pachifuwa. Anayang'ana kudenga.

"Nikufunseko chimodzi. Kuntchito kwanu, zija za makoswe, unalemba kuti zakanika?"

"Ninalemba."

"Liti?"

"Tsiku lomwelo."

"Osabisa kanthu?"

"Osabisa kanthu, Batate."

Ba Jonas anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye ninakuphunzitsa bwino. Buku unaliuza zoona tsiku lomwelo." Anatembenuka, namuyang'ana m'maso koyamba chichokereni kukhola kuja. "Ine ndiye unaniona wosakwana kuzimva."

Bambo ake sananene mokwiya, ndipo pomaliza anamupatsa theka la lalanje lija.

M'mawa mwake Mutinta anadzuka kumudzi tambala atangolira kachiwiri, nathandiza Ba Sanford kukama. Anamanga zitini ziwiri panjinga ya bambo ake n'kuikankha mpaka kudepoti, atavala majombo a malemu mayi ake. Mzere unali wautali kale. Ena anali atamva mbali ya nkhani, ena sanamve, ndipo mkulu uja wa chipewa anaimirira monga mwa masiku onse, napukuta benchi.

"Khalani apa, Ba Dokota. Nanga mdala ali bwanji?"

Mutinta anatsamiritsa njinga pakhoma. Miyendo inkafuna benchi ija, koma anakhalabe chiimire pamene aliyense akanatha kumuona.

"Zikomo, niimirira," anatero. "Dzina langa ndine Mutinta. Nabwera kuzakamba za makoswe."